Masewero m'kalasi si za ana okha ayi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa zimene ena amanena zoti kuchita masewero m'kalasi ndi zachibwana zoyenera ana a pulayimale basi. Ine ndikukana.

Ku Barnard College mumzinda wa New York kuli pulofesa wa mbiri yakale, a Mark Carnes, amene ataona kuti makalasi akuzizira ndipo ophunzira sakutengapo mbali, m'zaka za m'ma 1990 anayambitsa njira yotchedwa Reacting to the Past. Aliyense amapatsidwa munthu wakalekale woti akhale, wina nzika ya mzinda wa Athens ku Greece mu 403 BC, wina phungu ku Paris mu 1791, ndiye amakangana kwa masabata angapo, kulemba zokalankhula, kukopana, kuvota, pulofesa ali phee kumbuyo. Ndipo kuti upambane uyenera kuwerenga zolemba zenizeni ngati za Plato, katswiri wakalekale wa nzeru zakuya wa ku Greece, apa mpamene waulesi amagwidwa poyera anzake akumufunsa mafunso iye kukamwa yasa.

Mavuto alipo inde, mutu umodzi umadya nthawi yambiri komanso amanyazi amavutika poyamba. Koma makoleji mazanamazana anatengera njirayi, ndiye onsewo tinene kuti akungosewera?

Wowerenga wanu