Kaloko ka pa WiFi sikatiuza zonse, tifotokozereniko za WPA ndi WPS

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga ndiyankhulepo za WiFi, chifukwa anthu ambiri tsopano ali ndi rauta kunyumba kapena kuofesi, ena amangoyatsa hotspot pa foni, koma mawu amene amatuluka mu ma setting aja palibe amene amatimasulira. Munthu akaona kaloko pambali pa dzina la netiweki basi mtima pansi, akuti zanga nzotetezeka. Komatu kaloko kaja kamangonena kuti pakufunika pasiwedi, sikanena ngati njira yobisira uthenga ili yolimba kapena ndi yakalekale imene akuba anaidziwa kale chinsinsi chake.

Uthenga wa WiFi umayenda m'malere ngati wa wailesi, aliyense amene ali pafupi ndi laputopu atha kuutola. Encryption ndi kuusokoneza ndi masamu kuti wotolayo asamvepo kanthu, okhawo amene ali ndi kiyi ndi amene amauwongola. Ndiye mu rauta mumapeza mitundu ya encryption iyi, WEP, WPA, WPA2, WPA3, ndipo munthu amangosankha chilichonse poganiza kuti zonse nzofanana.

WEP ndi yakale kwambiri, inabwera mu 1997. Mu 2001 akatswiri atatu, Scott Fluhrer, Itsik Mantin ndi Adi Shamir, anaonetsa kuti ili ndi bowo lalikulu. Kanambala kamene kamayenera kusintha pa paketi iliyonse, kutanthauza kachidutswa ka uthenga, nkakafupi, ma bit 24 okha, ndiye kamabwerezabwereza, munthu akangotola mapaketi okwanira kiyi amaipeza, ndipo masiku ano nkhani yake ndi ya mphindi zochepa chabe. Kampani ya TJX ku America inaulula mu 2007 kuti manambala a makadi a banki oposa 45 miliyoni anabedwa, ndipo akubawo analowera pa WiFi ya sitolo imene inkagwiritsabe WEP. Ngati rauta yanu ikungopereka WEP yokha, imeneyo yatha ntchito, isintheni.

WPA ya mu 2003 inali yongogwirizira podikira yabwino, ndi imene imayenda ndi mawu akuti TKIP, nayonso musaisankhe. Mu 2004 kunabwera WPA2 imene imagwiritsa njira yosokonezera uthenga yotchedwa AES, iyi ndiye yolimba ndipo anthu ambiri tili pamenepa mpaka lero. Inakumanapo ndi vuto mu 2017 pomwe Mathy Vanhoef wa ku Belgium anaulula njira yoithyolera yotchedwa KRACK, koma opanga mafoni ndi makompyuta anakonza kudzera mu ma update, nchifukwa chake zimandiwawa ndikamva munthu akunyadira kuti iye sapanga update poopa kutha data.

Chimene ambiri sadziwa pa WPA2 ndi ichi, foni ikamalumikizana ndi rauta pamakhala kamoni kamene ziwirizi zimapatsana, wakuba atha kukajambula nkupita nako kwawo, kenako kompyuta yake izingoyesa mapasiwedi mamiliyoni usiku onse rauta yanu osadziwa kalikonse. Pasiwedi ikakhala 12345678, nambala ya foni kapena dzina la mwana ndi chaka chobadwa, AES yonse ija sikuthandizani. WPA2 imalola zilembo 8 mpaka 63, bwanji tonse timangoima pa 8? Mawu anayi kapena asanu osagwirizana mutawalumikiza ndi osavuta kukumbukira koma ovuta kwambiri kuwalota. WPA3 ya mu 2018 inatseka njira yoyesera kumbali imeneyi, ngati rauta ndi foni zanu zili nayo sankhani yomweyo.

Koma chimene chandilembetsa kwenikweni ndi WPS, kabatani kaja kolumikizira popanda kulemba pasiwedi. Kupatula kabataniko, WPS ilinso ndi PIN ya manambala 8, ndipo mu 2011 Stefan Viehböck anaonetsa kuti rauta imayankha theka loyamba palokha ndi lachiwiri palokha, nambala yomaliza ndi yongotsimikizira zinazo, ndiye m'malo moyesa mamiliyoni munthu amangofunika kuyesa ka 11,000 basi. PIN ikapezeka rauta imapereka yokha pasiwedi yanu yaitali ija. Marauta ambiri akale amabwera WPS ili yoyatsa kale, mwini wake osadziwa nkomwe kuti ilipo. Izimitseni.

Ena amalimbikira kubisa SSID, dzina la netiweki lija, eti kuti akuba asaione. Sizithandiza, foni yanu yomwe imalitchula dzinalo ikamalumikizana. Chimodzimodzi MAC filtering, kuuza rauta kuti izilola mafoni ndi makompyuta okhawo amene mwalemba nambala zawo zozizindikirira zotchedwa MAC, nambala ya MAC imayenda poyera ndipo kuikopera nkosavuta. Pasiwedi yolowera mu rauta momwemo, imene nthawi zambiri imangokhala admin, ndi imene anthu amaiwala kusintha.

Pempho langa akonzi, patsamba lanu la zaukadaulo ikaniponi chithunzi cha ma setting a rauta, muzungulize pamene palembedwa WPA2-PSK AES, pamene pali WPA3 ndi pozimitsira WPS, mufotokoze m'Chichewa kuti amene anangoikiridwa rauta ndi wina athe kutsegula yekha nkuona zimene anamusankhira.

Ndine wowerenga wanu