Tipatseni tsamba la ndakatulo, akonzi

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wa Chichewa kuno ku Santhe, ku Kasungu, ndili ndi pempho koma mundilole ndiyambe kaye ndi nkhani ya mnyamata wina wa ku Ecuador, dziko lija ambirife timangolimvera pa mpira basi.

Dzina lake Medardo Ángel Silva, anabadwa mu 1898 mumzinda wa Guayaquil, bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono nde anakula ndi mayi ake mu umphawi wadzaoneni, sukulu osamaliza, mpaka anakayamba ganyu pamalo osindikizira mabuku. Koma mwanayo ankalemba ndakatulo, ankalemba kwambiri, ndipo nyuzipepala ya kwawoko El Telégrafo inamutsegulira khomo, anthu nkuyamba kumuwerenga. Mu 1918 anatulutsa buku lake El árbol del bien y del mal, mutu wake ukunena za mtengo wodziwitsa zabwino ndi zoipa uja wa mu Genesis. Chaka chotsatira, mu June 1919, anafa ndi chipolopolo kunyumba kwa chibwenzi chake, ambiri amati anadziwombera yekha. Zaka 21 zokha akonzi, 21! Ine zinandiwawa mumtima ngati ndi mwana wa mkalasi mwanga. Ndakatulo yake ina anthu ena anaiika m'nyimbo ndipo mpaka pano ku Ecuador akuiimbabe, papita zaka zoposa 100.

Nde chomwe chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Ana ngati ameneyu kuno aliko. Ndili ndi mtsikana wa fomu 3 amene amalemba kuseri kwa kope la samu, analemba za bambo ake akusoka fodya usiku ndi nyali pomwe ngongole ya feteleza ikuwadikira, nditawerenga ndinakhala kaye chete osadziwa choti ndimuuze. Ena amangoponya pa WhatsApp, mawa lake zasowa, foni ikafa ndi zonse zapita. Ndipo zina mwa zomwe amalembazo ndi kulira kwenikweni, mwana akukuuzani kuti zandivuta, ife akuluakulu tili pheee poti palibe pomwe tingaziwerengere.

Inu masamba muli nawo, a ndale alipo angapo, a mpira aliponso. Tipatseniko ngakhale theka la tsamba pa sabata la ndakatulo za m'Chichewa, ana azitumiza pa foni, dzina la mwana ndi mudzi wake zizioneka pansi pake. Za mkalasi mwangazi ine ndizitaipa ndekha nkumakutumizirani, bola mundiuze nambala yotumizira.

Mphunzitsi,
Santhe, Kasungu