Kayaki yotambalala si ndiye yosagubuduzika

Akonzi,

Tiloleni tinenepo za timabwato tapulasitiki timene tayamba kuoneka pa nyanja ya Cahora Bassa ndi mu Zambezi, tija amati kayaki. Zambiri zimabwera kuchokera ku Joni zitagwirapo kale ntchito, ndipo ogulitsa ali ndi mawu amodzi okha: "Iyi ndi yotambalala, singakugwetseni." Mawuwa ndi oona pagombe m'mamawa madzi ali zii. Pakati pa nyanja masana mphepo itadzuka, nkhani imasintha.

Bwato limakhazikika m'njira ziwiri. Ina ndi imene mumaimva mukangokhala pansi madzi ali bata. Ina ndi mmene bwatolo limadzigwirira likapendekera mbali imodzi. Kayaki ya pansi pophwatalala imakhala ngati tebulo pamadzi abata, koma funde likaimenya m'nthiti imatsatira fundelo, ndipo ikafika polekezera imatembenuka kamodzin'kamodzi osakuchenjezani. Ya pansi pozungulirako, kapena posongoka pang'ono ngati V, imatekeseka mukangopondamo, mtima n'kuthamanga, koma ikapendekera imalimba n'kubwerera yokha. Amene anapalasapo bwato losema akudziwa zimenezi: limagwedera mwendo ukangolowa, komabe wodziwa nkhafi amadutsa nalo pamafunde. Vuto lili kwa anzathu ochokera kumtunda, ku Angónia kapena ku Macanga, amene sanakulire m'mbali mwa madzi akulu. Iwo amasankha imene sikuwaopsa pagombe.

Cahora Bassa si dziwe. Chitsekereni damu ku Songo mu 1974, madzi anatambasuka pafupifupi makilomita 250 mpaka ku Zumbo, ndipo mphepo ikakhala ndi mtunda wotere wothamangapo imautsa mafunde afupiafupi otsatizana, makamaka miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala. Choncho funani kayaki ya pansi pophwatalala pakati pokhala munthu, koma ya mutu wosongoka wong'amba funde ndi m'mbali mopindika bwino. Mulifupi ikhale masentimita 80 mpaka 90, mulitali mamita 3.6 mpaka 4. Yosakwana mamita 3 imapotoza mutu uku ndi uku nkhafi iliyonse, ndipo polimbana ndi mphepo mudzatha mphamvu gombe mukuliona. Yopitirira masentimita 90 ndi yolemera kupalasa. Kayaki yotambalala imafunanso nkhafi yaitali, ya masentimita 240 kapena 250, apo ayi zala zizigunda m'mbali.

Tengani yokhala pamwamba, osati yolowetsa miyendo mkati. Yokhala pamwamba ikatembenuka mumaitembenuzanso n'kukwera, madzi amatuluka okha pa mabowo apansi. Yolowa mkati imadzaza madzi ndipo kukwereranso muli pakuya ndi ntchito ya akatswiri. Za kayaki zopopa mpweya tisataye nthawi: minga ya mlamba, mano a mcheni, mbedza ndi zitsa za mitengo imene inamira nyanja ikudzaza, chimodzi mwa izi chidzaiboola.

Pali nambala imene anthu saiwerenga, ya kulemera kumene kayaki inganyamule. Chotsanipo gawo limodzi mwa magawo anayi, chotsalacho ndicho katundu wanu weniweni. Ngati palembedwa makilogalamu 180, werengerani 135. Munthu wa makilogalamu 75, bokosi la ayezi ndi nsomba makilogalamu 25, madzi akumwa malita 5, mwala wa nangula ndi chingwe chake, ndodo ndi nyambo, mwafika kale cha m'ma 115. Vundu mmodzi wamkulu akakwera, malo atha. Chizindikiro chakuti mwapitirira ndi madzi otumphuka pa mabowo apansi n'kukhazikika pa mapazi osabwerera. Ena amamata mabowowo ndi guluu kuti asanyowe matako. Amenewo akutseka njira yotulukira madzi a funde. Ngati mukufuna kutseka, ikani zotsekera zozula ndi dzanja, muzizichotsa mphepo ikayamba.

Mpando wokwera ndi wokoma kumsana ndipo mumaona patali, koma masentimita 10 okha okwera amasintha kwambiri kagwedezekedwe ka bwato. Sankhani mpando wotheka kutsitsa. Katundu wolemera akhale pansi, pakati, ndipo amangidwe. Bokosi losamanga limaserereka kupita mbali yomwe mwapendekera.

Kunena zoona, asodzi ambiri sagwetsedwa ndi funde. Amagwa pokweza nsomba. Mcheni ikadya nyambo imalumpha, imathawira pansi pa bwato, munthu n'kuwerama kuitsatira mpaka mapewa atuluka kunja kwa kayaki. Lozetsani ndodo chakumutu kwa bwato kuti nsomba izikukokani kutsogolo, osati cham'mbali, ndipo muikweze ndi kaukonde ka mpini mutakhala mowongoka. Musaike chala m'kamwa mwake.

Nangula amangidwe kumutu kapena kumbuyo, pakati ayi. Chingwe chikakoka m'nthiti pamadzi othamanga, mbali imeneyo imamira ndipo madzi amakwera pamwamba. Izi n'zoopsa kwambiri kunsi kwa damu, kutsikira ku mzinda wa Tete ndi pamene Revúbuè amathira mu Zambezi, chifukwa madzi amatha kukwera akatsegula zipata ku damu ngakhale kunja kulibe mtambo. Chingwe chitalike kuposa kuya kwa madzi katatu, ndipo mpeni ukhale pofikira dzanja. Panyanja, pomwe pansi pali mitengo, mwala womanga ndi kachingwe kotheka kuduka ndi wabwino kuposa nangula wachitsulo amene akakola simungamuzule.

Tsopano kwa ogula yogwirapo kale ntchito. Dzuwa la ku Tete, lija limapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, limaphika pulasitiki. Pakani chala pamwamba: chikatuluka ndi ufa, kapena mukaona timing'alu ngati ta mphika wakale, isiyeni. Itembenuzeni muone kumchira kumene amaikokera pamchenga, chifukwa ndiko kumayamba kupyapyala. Onaninso ngati pansi sipanalowe mkati chifukwa chogona pamiyala yotentha, poti yoteroyo siyenda mowongoka. Kenaka ikhazikeni pa matayala awiri, mutsegule chivundikiro, muthire ndowa ziwiri za madzi mkati mwa thupi lake, mudikire mphindi 15. Yang'anitsitsani mozungulira mabowo apansi aja, poti ndi pamene kuchucha kumabisala. Kudontha pang'ono si kwakung'ono. Malita 10 olowa mkati ndi makilogalamu 10 amene simukuwaona, othamangira mbali iliyonse imene mwapendekera, ndipo kayaki imene inali yolimba m'mawa imayamba kuledzera masana.

Palibe kayaki yokhazikika pamsana pa mvuu. Funsani asodzi a pamalopo, kaya ndi ku Chicoa kapena ku Mágoè, kuti mvuu zimagona pati, ndipo muzilambalala patali. Miyendo isalendewere m'madzi, nsomba zisamangidwe pachingwe n'kumakokedwa m'madzi, chifukwa uko n'kuitana ng'ona. Jekete yoyandamitsa, ija timati colete, ivalidwe ndi kumangidwa zingwe zake, osaikhalira ngati pilo.

Pempho lathu, Akonzi, likupita kwa ogulitsa. Alole wogula kuiyesa pamadzi asanatulutse ndalama. Malo ake akhale osaya, madzi a m'chiuno, amene eni dera atsimikiza kuti kulibe ng'ona, anthu ena ataima pafupi. Wogula apakire katundu yense amene adzapite naye, akhale pampando, apendekere kumanja mpaka madzi afike m'mphepete, kenaka kumanzere, atembenuke ngati akutenga nyambo kumbuyo. Pomaliza aigubuduze dala, aone ngati angaitembenuze ndi kukweranso yekha mapazi osagunda pansi.

Ndife,
Asodzi a mbedza,
Songo