Lipoti la msonkhano wa nkhanu zachilendo, kwa a komiti yoyang'anira usodzi pa doko (BVC)

A Mfumu, a wapampando ndi asodzi anzanga, munandituma ku Mangochi boma kukamva za nkhanu zobwera, ndipo nazi zomwe ndatenga.

Mlangizi wa zausodzi anayamba ndi za ku Ulaya. Kumeneko m'mbali mwa nyanja yamchere muli nkhanu yawo yakale yotchedwa Carcinus maenas. Mu 1999 pa doko la Le Havre ku France panapezeka ina yochokera ku Asia, Hemigrapsus sanguineus, ndipo inafalikira msanga. Akatswiri akafuna kudziwa yomwe imadya kwambiri amazisunga ndi njala kaye, kenako iliyonse amaiika m'chidebe chakechake. M'chidebe china aponyamo nkhono zochepa, china zambiri, china zochuluka zedi, ndipo nthawi ikakwana amawerenga zotsala. Akatero amaona zinthu ziwiri: changu chomwe nkhanu imapezera chakudya, ndi nthawi yomwe imatha pophwanya ndi kumeza nkhono imodzi.

Apa ndi pomwe ndikufuna timvetsetsane. Nkhanu yobwerayo ndi yaing'ono, ndipo payokha sikuti nthawi zonse imaposa yakale ya ku Ulaya ija pa kudya. Mphamvu yake ili pa kuchulukana. Pansi pa miyala pomwe pankabisala nkhanu zowerengeka pamadzaza zankhaninkhani, ndiye nkhono zazing'ono zimatha zisanakule. Choncho kuyeza nkhanu imodzimodzi sikokwanira, pamafunikanso kuwerenga kuti pa malowo zilipo zingati.

Ena munati nkhani ya nyanja yamchere itikhudza bwanji ife a ku Malombe. Ikutikhudza ndithu. Ku Zambia, mumtsinje wa Kafue ndi m'nyanja ya Kariba, munalowa kachilombo kokhala ngati nkhanu kochokera ku Australia, kotchedwa redclaw. Kanabwera ndi anthu ofuna kukaweta m'maiwe, kenako kanathawira m'madzi. Asodzi akumeneko akavuula matchera amapeza nsomba zodyedwa kale mbali imodzi, zosagulitsika. Madzi amenewo ndi a Zambezi, komwe Shire wathu amakathira. Za namasupuni tonse tikuzidziwa, mmene anatsekera Shire anthu akungoti ndi duwa lokongola. Ine mtima wanga suli m'malo, chifukwa chambo cha ku Malombe chinachepa kale, ndipo kambuzi yemwe tikudalira sangapirire mdani wina.

Kuzindikira redclaw sikovuta. Nkhanu yathu ndi yophwatalala, imayenda cham'mbali. Redclaw ndi yaitali, ili ndi mchira wopindika ndi ndevu zazitali, ndipo yaimuna ili ndi banga lofiira pa zikhadabo zake zazikulu.

Mlangizi uja anatipempha kuti wina akaikola redclaw asaibweze m'madzi, asaipatsenso mnzake kuti akawete. Aiphe, aijambule pa foni ngati ali nayo, n'kupita nayo kwa mlangizi wa zausodzi. Ndikupempha a wapampando kuti pa msonkhano ukubwerawu tiitanenso eni maiwe a nsomba ndi amayi ogula nsomba pa doko, popeza iwo ndi amene amaona zotuluka m'matchera m'mawa uliwonse.