Nyimbo za drill ndi mfuti za ku Chicago

Achimwene,

Kalata yanu yandipeza. Mwati mnyamata wanu wayamba kumvera nyimbo za drill, mtundu wa nyimbo za rap zokamba za chiwawa cha m'misewu, ndipo anzanu akutchalitchi akuti nyimbozi ndizo zikupulula ana ku Englewood ndi ku West Garfield Park, madera a mumzinda wa Chicago. Musathamangire kumulanda foni. Drill inayamba kumveka cha mu 2011, chonsecho mu 1974 anthu 970 anaphedwa mumzinda womwewo, nyimbo zotere kulibe. Nyimbozo ndi utsi, moto unayaka kalekale.

Anthu akuda atachoka kumwera kwa America kudzafuna ntchito, madera awo analembedwa zofiira pamapu a boma, ndiye mabanki ankakana kupereka ngongole za nyumba kumeneko. Chinkawasunga ndi mafakitale. Wisconsin Steel inatseka mu 1980. South Works, yomwe nthawi ina inkalemba anthu pafupifupi 20,000, inatseka mu 1992. Mwana anakula osaonapo bambo akulawirira kuntchito.

Kenako boma linamanga atsogoleri a magulu akuluakulu a zigawenga monga Gangster Disciples m'zaka za m'ma 1990, n'kugwetsanso nyumba 28 zosanjikizana ka 16 za Robert Taylor Homes, zomwe boma linamangira anthu osauka, ntchito yomwe inatha mu 2007. Mabanja anamwazikira m'madera a eni. Magulu aja anasweka n'kukhala timagulu ta anyamata a msewu umodzi, topanda wamkulu woti n'kunena kuti basi. Nkhondo zambiri lero n'zobwezera: munapha wathu, tipha wanu. Apolisi akalephera kugwira wakupha, monga zimachitikira kawirikawiri kumeneko, anzake a malemu amaweruza okha.

Apa m'pamene nyimbo ili ndi mlandu, ndipo sindikuibisa. Mnyamata amajambula vidiyo ataima pamsewu wa adani, akutchula dzina la mnzawo amene anaphedwa uku akuseka, n'kuiika pa YouTube. Chipongwe chomwe kale chinkathera pakona tsopano mzinda wonse wachiona, ndipo onyozedwawo akuona nkhope, galimoto ndi nyumba ili kumbuyoyo. Amene ali pangozi ndi wooneka muvidiyoyo ndi oima pambali pake. Wongomvera ali kuchipinda sali m'gulu limenelo.

Katswiri wina, Andrew Papachristos, ndi anzake anafufuza kuti owomberedwa ku Chicago ndi ndani. Anapeza kuti 70 mwa 100 alionse ovulazidwa ndi mfuti anali m'kagulu ka anthu osakwana 6 mwa 100 a mumzindamo, anthu olumikizana chifukwa anamangidwapo limodzi. Choncho funsani mwanayo kuti akuyenda ndi yani, akukwera galimoto ya yani. Mfuti nazo sizisowa: lipoti la mzindawo la 2017 linaonetsa kuti pafupifupi 60 mwa 100 za mfuti zogwidwa pamilandu zinagulidwa kunja kwa Illinois, chigawo chomwe muli Chicago, makamaka ku Indiana, pafupi pomwepo.

Za sukulu zimandiwawa kwambiri. Mu 2013 mzindawo unatseka sukulu pafupifupi 50 nthawi imodzi, ana pafupifupi 12,000 n'kusamutsidwa, ambiri mwa iwo akuda. Pamapu zinkaoneka zapafupi, koma ana ena anayamba kudutsa malire a timagulu tija m'mawa ndi masana. N'chifukwa chake mumaona anthu a Safe Passage, oyang'anira ana panjira yakusukulu, atavala mavesiti owala m'makona. Tsiku lina muyende naye wapansi njira yonse yakusukulu, akuonetseni pamene amafulumiza mwendo.

Zothandiza zilipo, ndipo zinayesedwa. Achinyamata amene anapatsidwa ganyu wa milungu 8 m'chilimwe pansi pa pulogalamu ya One Summer Plus anamangidwa pamilandu yachiwawa mocheperapo ndi 43 peresenti m'miyezi 16 yotsatira, poyerekeza ndi anzawo amene sanapatsidwe ganyuyo. Pulogalamu ina, Becoming a Man, imasonkhanitsa anyamata kusukulu kamodzi pamlungu ndi mlangizi, kuwaphunzitsa kuugwira mtima wina akawaputa. Panthawi imene anali m'maphunzirowo, kumangidwa kwawo pamilandu yachiwawa kunatsika pafupifupi ndi theka, kungoti atasiya phindulo linayamba kuzilala. Ndiye mukamulowetsa, asalekere panjira. Kafunseni kwa aphunzitsi ake ngati sukulu yawo ili nayo, ndipo fomu ya One Summer Chicago, pulogalamu ya mzindawo yopatsa achinyamata ganyu, mulembe chilimwe chisanafike, amatenga kuyambira zaka 14.

Mundiyankhe kuti ali kalasi yanji tsopano. Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ine mbale wanu.