Alendo a mpingo okumba mijigo asiye zipangizo

Akonzi,

Chaka ndi chaka mipingo yathu imalandira magulu a akhristu ochokera ku America ndi ku Ulaya odzakumba mijigo kumidzi. Ntchito ndi yabwino, koma yambiri mwa mijigoyi imafa alendo atangobwerera kwawo.

Pampu ya Afridev, mtundu wa pampu yopopa ndi manja imene imaikidwa pa mijigo, siivuta kukonza. Chimatha msanga ndi kamphira ka pa pulanja (kachipangizo kam'kati kokweza madzi) ndi mabushi apulasitiki a pa chogwirira, ndipo izi zimafunika kusintha pafupifupi chaka chilichonse. Mabushi akatha chogwirira chimagwedera, zitsulo n'kuyamba kudyana, kenaka ndodo zam'kati zimathyoka. Apa ndiye pamafunika ndalama zambiri.

Abusa, musanalandire gulu lotere, dziwitsani ofesi ya zamadzi ya kwa DC, ndipo anyakwawa asankhitse komiti ya mjigo yokhala ndi amayi ambiri, poti otunga ndi iwowo. Alendo aphunzitse anthu atatu kutsegula pampu, asiye sipanala, ndodo yokowera valavu yapansi ndi timphira tapadera. Akumbe m'chilimwe, cha mu Okutobala, madzi ali pansi kwambiri. Mjigo wokumba nthawi ya dzinja umanamiza, umadzauma anthu akuufunitsitsa. Malo ake atalikirane ndi zimbudzi mamita osachepera 30.

Mkulu wa mpingo,
Dedza