Gologolo wadya dzungu la mdzukulu wanga

Mwamuna wanga wokondedwa,

Uli bwanji kumeneko ku South Bend, ku Indiana, m'dziko la America? Kwayamba kuzizira? Nanga dzino limagwedera lija linachoka? Ndakusowa kwambiri, moti chithunzi chimene amayi ako anatumiza pa WhatsApp ndimangochiyang'ana pafupipafupi. Koma gologolo ameneyu alibe manyazi! Wachita kukhala pamwamba pa dzungu lako losemedwa nkhope la Halloween ngati mfumu pampando, mchira uli m'mwamba, timanja take tagwira kachibenthu ka dzungu, maso ali pa wojambula. Mano atatu onse amene unalemba wamaliza, diso lakumanzere walikulitsa, ndipo dzungu latsala likuseka ndi usinini ngati nkhalamba. Ndamva kuti unalira. Pepa, bambo wanga.

Usamukwiyire. Mwezi uno wa Okutobala agologolo amadya osapuma kuti anenepe chisanu chisanafike, ndipo mtedza wa m'mitengo amaukwirira pansi kuti adzafukule kukakhala njala. Dzungu losaboola lili ndi khungu lolimba, koma ukangolisema fungo limatuluka, ndiye kuti wamuitana wekha. Kodi anabwera yekha kapena ndi anzake? Unamuona akudya, kapena unangopeza zitachitika?

Komanso munafulumira. Dzungu losemedwa limakhala masiku 3 mpaka 7 basi, kenako limafota, m'kati n'kuchita nkhungu. Halloween, tsiku limene ana amavala zachilendo n'kumayenda m'makomo kupempha maswiti, ndi pa 31, choncho lina mudzaseme pa 29 kapena pa 30. Posankha, tenga lolimba paliponse, lopanda bala, lokhazikika bwino pansi, ndipo usalinyamule pogwira phesi chifukwa limathyoka. Ntchito yako ndi kulemba nkhope ndi cholembera. Mpeni ndi wa abambo ako, wamva? Uwauze kuti podula chivindikiro apendeke mpeni, nsonga iloze pakati. Akadula choongoka, chivindikiro chimagwera m'kati. Kenako tenga sipuni yaikulu upale zam'kati zonse mpaka muume, popeza zonyowazo ndi zimene zimayamba kuwola. Maso ndi pakamwa zikhale zazikulu, timano tating'ono timathyoka. M'mbali modulidwamo mupake Vaseline kuti musaume msanga. Kandulo ayi. Ikani kanyali ka batire, chifukwa zovala za ana zimakhudza moto mwana osadziwa.

Za mnzako wa mchira uja, amayi ako awaze tsabola wa ufa pa dzungulo, agologolo samukonda. Iwe usagwirepo, ungadzitikite m'maso. Chosavuta n'kuliika pazenera m'nyumba, nkhope italoza kumsewu. Adzangoliyang'ana pagalasi, malovu ali chuchuchu.

Nthanga musataye! Muzitsuke, muziumitse pa kansalu, muthire mafuta sipuni yaing'ono imodzi ndi kamchere, kenako mu uvuni pa madigiri 350 Fahrenheit kwa mphindi ngati 20, mukutakasa kamodzi. Dzungu lenilenilo si lophika ngati a kumudzi aja, ndi lamadzimadzi, losatsekemera, amalilimira kusema. Ukudziwa kuti ku Ireland, kumene mwambowu unachokera, ankasema matanipu, mbewu yobereka pansi ngati mbatata? Atafika ku America anapeza maungu, aakulu ndi ofewa, basi anasintha.

Ndiye akuti udzavala ngati mkango? Mchira ukufika pati? Ukamakwekwereza pansi aupinde ndi pini, masitepe a pakhonde amagwetsa ana. Chigoba chakumaso chimatchinga m'mbali, galimoto suiona, bola akupake utoto ndi kukujambula ndevu za mkango. Juzi ilowe m'kati mwa chovalacho. Ndikudziwa unena kuti mkango suvala juzi, koma wa ku Indiana umavala.

Mizinda yambiri imalengeza nthawi yoyendera m'makomo, amayi ako afunse. Kumeneko 7 koloko ikamakwana kumakhala kukuda, ndiye tochi m'manja, ndi tepi yonyezimira pa kathumba ka maswiti. Ugogode pa nyumba zokhazo zimene nyale ya pakhonde ikuyaka. Yozima ndiye kuti eni ake sakulandira, pitirira. Akatsegula unene kuti “trick or treat”, mawu opemphera maswiti, utenge switi imodzi kapena ziwiri, uthokoze. M'nyumba ya munthu usalowe. Galimoto ndi zimene zikundisowetsa tulo, mwana wanga. Usadutse pakati pa galimoto zoimikidwa, uwolokere pamphambano, dzanja lako lili m'dzanja la abambo ako, ngakhale anzako akuthamanga.

Ukakumana ndi zoopsa kumaso usathawe ngati muja unathawira gule kumudzi. Ndi ana anzako a kusukulu, yang'ana nsapato zawo uwazindikira. Mafupa ali pa kapinga wa anthuwo ndi apulasitiki.

Maswiti usadyere m'njira. Kunyumba amayi ako ayambe aona, otseguka ataye, olimba aike patali ndi mlongo wako, angamutsamwe. Udye awiri, utsuke mano, enawo mawa.

Undijambulire gologoloyo papepala, ndi mchira wake wonse. Wamupatsa dzina? Ndipo undisungireko chokoleti chimodzi, chofewa, mano anga akufanana ndi a dzungu lako.

Ndine mkazi wako wokukonda,
Agogo